Nsambo Zosagwedeza Malata

Gitala yanga ya besi ndinabwera nayo ku Karonga itakulungidwa m'bulangete, boma litandisamutsa kuchoka ku Ntcheu kuti ndidzakhale kalaliki pa ofesi ya zaulimi. Inali ndi nsambo zonenepa, zija ukazikhudza mawu ake umawamvera m'mimba. Ndinkazinyadira. Kwathu ankati Morton akagwira besi ngakhale wogontha amavina.

Ndinafika patapita miyezi ingapo chichitikireni zivomerezi zimene zinagwetsa nyumba kuno. Nkhaniyo ndinaimva pa wailesi ngati wina aliyense, ndipo ming'alu ya m'makoma ndinkaiona popita kuntchito. Ndinkaganiza kuti ndikuidziwa bwino.

Mpingo umene ndinalowa unali utangobwerera m'tchalitchi, popeza nthawi yonseyo ankapempherera pansi pa mtengo wa mango. A Ambokile, mkulu woyang'anira kwaya, atamva kuti ndimaimba besi anandipatsa moni ndi manja awiri. Kwayayo inali ndi ng'oma, kagitala kamodzi ndi mayi Tusekile. Mayiwa ndiwo ankayambitsa nyimbo iliyonse, ena onse n'kumangolandira, ndipo akadwala chimfine kwaya yonse inkamveka yachimfine.

Loweruka magetsi anazima, choncho sitinayeserere. Lamulungu ndinaika sipika yanga pampando, kufupi ndi khoma. Mayi Tusekile anayambitsa, kwaya inalandira, ine ndinamenya nsambo yaikulu, ya mawu a pansi penipeni.

Malata anayankha. Magalasi a m'mazenera ananjenjemera. Anthu onse anaimirira nthawi imodzi, ndipo ine ndinatsinzina n'kumayamika mumtima kuti Mzimu watsika msanga chotere, kenako ndinawonjezera mphamvu. Nditatsegula maso, m'tchalitchi munatsala ine, abusa atagwiritsitsa gome, ndi nsapato za anthu.

Kunja ndinapeza amayi atakumbatira ana awo, akuti chindindindi, ndiko kunena chivomerezi m'Chitumbuka. Zitadziwika kuti chindindindicho ndinali ine, ambiri anaseka mpaka kupukuta misozi. Mayi Tusekile sanaseke. Ndinauzidwa kuti khoma la nyumba yawo linagwera pa mphasa imene mwana wawo anali atangodzukapo. Iwo anamanga chitenje, n'kuuza a Ambokile kuti chinthucho chikakhala m'katimo iwo azipempherera panja.

Ine sindifulumira kuweruza munthu. Nkhaniyi ndinaitembenuza masabata angapo, mofatsa, ndikuyang'ana mbali zonse, ndipo pomaliza ndinapeza kuti mayiwo akungokokomeza. Munthu wamkulu osasiyanitsa gitala ndi chivomerezi? Komabe ndinatsitsa mawu. Galasi limodzi logwedera linapitiriza kulira. Ndinalitsekera ndi kapepala, malata n'kuyamba. Ndinaika sipika pa pilo. Mayi Tusekile anaima pakhomo kanthawi, n'kunena kuti akuimvabe m'mapazi, basi anakakhala pansi pa mango paja. Kwaya inkayamba nyimbo aliyense nthawi yake, ngati nkhuku zotuluka m'khola.

Tsiku lina a Ambokile anandiperekeza mpaka pamsewu waukulu, akukankha njinga.

"A Morton, ndinu mlendo wathu. Sitingakuthamangitseni."

"Zikomo, adada."

"Koma Sabata ya masika yayandikira, ndipo mipingo ina ikubwera kudzaimba nafe. Kwaya yopanda besi takhala nayo kuyambira kale. Yopanda Tusekile sitinaionepo."

"Ndamva, adada."

"Mwamva chiyani? Ine sindinanene kanthu."

Anakwera njinga. Ine kuno ndinalibe mkazi, ndinalibe m'bale, Chinkhonde ndinkangodziwa moni. Kundichotsa m'kwaya kunali kundisiya ndi mafayilo okhaokha.

Ndinaimbira foni Reginald, mnzanga wakale amene amaimba m'bandi ku Mzuzu ndipo amakonzanso magitala kuseri kwa nyumba yake. Atatha kuseka anati ilipo njira. Besi yomweyo umaichotsa nsambo zake n'kuikamo zowonda, zofanana ndi za gitala wamba koma zazitali, n'kuzikunga kuti mawu akwere. Zala zimagunda malo omwe aja, koma mawu amatuluka m'mwamba. Akuti imatchedwa pikolo besi.

"Ndiye ikhalabe besi?" ndinafunsa.

"Pa chithunzi, inde," anatero.

Ndinakwera minibasi Loweruka, gitala ndi sipika pamiyendo, n'kukagona konko. Ndinanyamulanso kapu yanga yachitsulo ndi supuni, chifukwa ndinali nditaganiza njira yasayansi yosankhira nsambo: kapu pamwamba pa sipika, supuni m'katimo. Supuni ikalira, ndiye kuti malata aku Karonga aliranso.

Reginald anayala mapaketi pa benchi, kuyambira zonenepako mpaka zowonda ngati ulusi wa telala. Dzanja langa linapita lokha pa zonenepa.

"Achimwene, mwabwera kudzasiya mowa kapena kudzasintha botolo?"

"Tingoyesa kaye."

Tinayesa. Supuni inalira ngati belu la sukulu. Tinaika zapakati, inang'ung'udza pang'ono pa nsambo yaikulu. Ndinati mwina benchi ndi yopendekeka. Tinatsitsa sipika pansi, inang'ung'udzabe. Ndinati mwina supuniyi ndi yopepuka kwambiri. Reginald analowa m'nyumba n'kubwera ndi chipande cha mkazi wake, n'kundifunsa ngati ku Karonga anthu amathawa ndi supuni kapena ndi mtima.

Zinatsala zowondetsetsa zija. Zinali zazing'ono moti zinkasewera m'timipata ta pamutu pa gitala, mpaka anachita kupindamo timapepala. Khosi la gitala, limene linazolowera kukokedwa ndi nsambo zamphamvu, linawongoka mopitirira, ndipo iye analibweza ndi kasipanala. Atandipatsa ndinamenya mwa chizolowezi changa, nsambo inangoti phwa pa zitsulo.

"Osaimenya. Imeneyi umachita kuipempha," anatero.

Ndinaipempha. Inalira kamawu koyera, kakang'ono, kaulemu kwambiri. Supuni inakhala chete. Ndinayang'ana zala zanga zokhakhala, zimene ndinazilimbitsa zaka zonsezi, ndipo ndinamva ngati munthu amene wagulitsa ng'ombe n'kugula nkhunda. Nsambo zakale ndinazikulunga bwinobwino n'kuziika m'thumba la jekete. Lamulungu limenelo linandipeza m'njira, choncho zolengeza za kutchalitchi sindinazimve.

Loweruka lotsatira, pa kuyeserera komaliza, a Ambokile anakawaitana mayi Tusekile. Anabwera mpaka pakhomo, phazi limodzi m'kati, lina kunja. Ndinaimba ndime yonse.

"Mwayamba?" anafunsa.

"Ndamaliza, amama."

"Ndimayesa udzudzu." Anayang'ana kudenga nthawi yaitali. "Tiona mawa."

Mawa lake tchalitchi chinadzaza. Kutsogolo kunali matumba a mpunga, mikoko ya nthochi, chinangwa, ndi tambala womangidwa miyendo amene ankandiyang'ana kwambiri. Mayi Tusekile analowa, koma sanapite pamalo pawo. Anaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, n'kuyambitsa nyimbo ali komweko. Kwaya inalandira bwino kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri. Ine ndinkatsatira ndi kaudzudzu kanga, ndikudzimvera chisoni, komanso ndikuwakhululukira mumtima anthu amantha awa amene ndinawaperekera nsembe yaikulu chotere.

Tili pakati pa nyimbo, pansi panagwedezeka.

Sikunali kunjenjemera kwa galasi. Kunali kugunda kochokera m'nthaka, kolowera m'mapazi n'kukwera mpaka m'mano, kenako mkokomo wautali. Malata analira, fumbi linagwa kuchokera m'mitanda. Ndimakumbukira kuti anthu anatembenuka kundiyang'ana. Zimene zinachitika pambuyo pake ndinachita kuuzidwa. Akuti ndinalumpha thumba la mpunga, ndinaponda nthochi, ndinadutsa pakati pa kwaya ya alendo gitala ili pakhosi, chingwe chikukoka sipika pambuyo panga ngati mbuzi yokana kumsika. Akuti pakhomo ndinawakankha mayi Tusekile ndi phewa, ndipo akuti ndinkaitana amayi anga, amene ali ku Ntcheu.

Nzeru zinandibwerera ndili pansi pa mango, nditakumbatira thunthu. Kuseri kwa tchalitchi, lole ina inali kutsitsa pang'onopang'ono bokosi lake lonyamulira katundu, itakhuthula miyala yomangira mpanda. Mwini wake ndi wa mumpingo momwemo, ndipo miyalayo inali chopereka chake cha masika. Analengeza Lamulungu lija ndinali m'njira kuchokera ku Mzuzu, anthu n'kuchenjezedwa kuti asadzadzidzimuke. Palibe wina anatuluka.

M'katimo kuseka kunayamba cha kutsogolo n'kufalikira. Ndinaganiza zoti ndingopitirira ulendo mpaka ku Songwe, ndiwoloke, ndikayambe moyo wina ku Tanzania. Koma nsapato ndinali nditatsala nayo imodzi yokha.

Amene anatuluka anali mayi Tusekile, atanyamula nsapato yanga inayo. Sankaseka. Anaiika pansi, n'kuima pambali panga kuyang'ana loleyo.

"Zimayambira m'mapazi," anatero.

"Inde, amama."

"Ndiye mutu umabwera pambuyo."

"Wanga sunafikebe."

Apa ndiye anamwetulira pang'ono. "Ife tinkanyamula ana, inu mwanyamula gitala. Aliyense ndi chake." Anandiyang'ana manja. "Mungathe kuimba?"

"Nsambo zake n'zofewa. Zimangofuna kuzikhudza."

"Valani nsapato, dada. Alendo akudikira."

Tinalowa limodzi, ine ndikukoka sipika imene inali itaphwanyika ngodya. Anthu anawomba m'manja, ndipo sindinadzinamize kuti akuwombera luso langa. A Ambokile anandithandiza kulumikiza chingwe osandiyang'ana kumaso, mapewa awo akugwedera ndi kuseka. Mayi Tusekile sanabwerere kuchitseko kuja. Anadutsa pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo, n'kuima pafupi ndi sipika yanga, pamene ankaima kale.

"Ndikhala pano," anandinong'oneza. "Mukafuna kuthawanso, mundiuze kaye ndipatuke."

Anakweza dzanja, n'kuyambitsa nyimbo ija pachiyambi. Ndinadikira kwaya ilandire, kenako ndinalowa ndi kaudzudzu kanga. Kanamveka bwino ndithu pansi pa mawu awo, ngakhale chala changa chinaphonya kawiri.

Nsambo zonenepa zija zidakalipo. Ndinamangira nazo chitseko cha khola la nkhuku, ndipo nkhukuzo sizinadandaulepo.