Nkhope ya Pafoni

Mng'ono wanga Lonely anali wakuda, ndipo kuda kwake kunali kosalala ngati biringanya lothyola kumene. Kwathu ku Monkey Bay tonse tili choncho. Munthu woti wakula akuyanika usipa pa thandala, dzuwa likumuphika tsiku ndi tsiku, angayere bwanji? Palibe ankadandaula nazo mpaka pamene Lonely anagula foni yodziwa kunama.

Mwamuna wake, Bryson, anapita ku Joni mwana wawo Jessica akuyamwa. Jessica analeka kuyamwa, anayamba kuyenda, mpaka analowa sukulu, bambo ake osabwerako. Banja lawo linkakhala pafoni. Bryson ankatumiza zithunzi atatsamira galimoto yoyera, atavala jekete lachikopa, kumbuyo kwake kukudutsa akazi oyera mbee. Lonely galimotoyo sankaiona. Ankakulitsa chithunzi ndi zala n'kumayang'ana akazi aja, mmodzimmodzi.

Tsiku lina anadzijambula, n'kudina penapake, nkhope n'kuwala pang'ono. Anatumiza. Bryson anayankha kuti, "Mayi a Jessica, mukuwalatu masiku ano." Mawu amenewo ndimadana nawo mpaka lero. Kuyambira pamenepo chithunzi chilichonse chinkayera kuposa chinzake.

"Iwe, mmwenye uyu ndi m'bale wathu?" ndinamufunsa atandionetsa chimodzi.

"Achemwali, musandisokose. Mwamuna wanu amagona m'nyumba, wanga amagona m'dziko la eni."

Kenako anayamba kudzola mafuta ogula pamsika, a m'timabotolo topanda dzina, amene mayi wina ankasakaniza yekha. Nkhope inayeradi, koma mfundo za zala ndi zigongono zinakana. Anthu a padoko sasowa chonena, ankati Fanta kumaso, Koko kumiyendo. Ine ndinkamukalipira, iye ankaseka, ndipo zinkathera pomwepo chifukwa Lonely anali munthu woti sungamukwiyire mpaka madzulo.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, Bryson anaimba kuti akubwera pa Khrisimasi. Ndinkayembekeza kuti mng'ono wanga avina. M'malo mwake anabwera kwathu n'kukhala pakhonde, foni ili m'manja. Anaiyika pafupi ndi tsaya lake.

"Tayang'anani, achemwali Elina. Akubwerera uyu wa pachithunziyu. Akapeza ine, adzati ndinawapusitsa."

"Anakukwatira uli wakuda ngati ine."

"Imeneyo inali kale. Maso awo aona zambiri."

Anali atamva za diripi yoyeretsa thupi lonse kuchokera m'magazi, ndipo anandichonderera kuti ndimuperekeze ku Boma kwa mayi wina dzina lake Monalisa, yemwe kale anali namwino koma tsopano anali ndi malo ake othandiza anthu a ziphuphu ndi mawanga. Ndinavomera, poganiza kuti bola akagwere m'manja mwa munthu woti anaphunzira.

Monalisa anali mayi wamfupi, wamagalasi, wosathamanga pochita zinthu. Anatikhazika pansi, n'kuyamba kufunsa ngati tabwera kudzafunsira mbeta. Anafunsa mafuta amene Lonely ankadzola, ndi chimene chinalimo. Lonely sankadziwa. Anafunsa ngati anadwalapo likodzo. Mwana wa kunyanja ndani sanakodzeko magazi? Anafunsa za mimba ya Jessica, ndipo ine ndi amene ndinayankha kuti nthawi imeneyo anatupa miyendo, magazi anathamanga kwambiri mpaka anamugoneka m'chipatala. Lonely anandiponda chala.

"Nanga mkodzo, mayi, ukumachita thovu?"

"Ndabwera za nkhope ine, osati za kuchimbudzi."

Monalisa sanakwiye. Anamumanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi, anayang'ana, n'kuyezanso mkono winawo. Kenako anagwada, anakweza chitenje cha Lonely pang'ono n'kudina msongolo ndi chala chachikulu. Atachotsa chalacho, panatsala kadzenje, ndipo tonse atatu tinakayang'ana kakuchedwa kudzaza.

"Diripi imeneyo ine sindiika, kwa wina aliyense," anatero. "Koma inu makamaka, ngakhale wina atakupatsani yaulere, muthawe. Ndikukayikira kuti impso zanu zatopa kale, ndipo mwina mafuta mukudzolawo ndi amene akuzitopetsa. Muwasiye lero. Muchoke pano mupite kuchipatala akakuyezeni mkodzo ndi magazi. Akakuthandizani, mubwere, ndidzakusamalirani khungu lanu lomweli kuti lisalale."

"Khungu langa lomweli ndi limene sindikulifuna."

"Ndakumvani. Koma mwamunayo akufunika akupezeni muli moyo."

Chipatala chinali pafupi, tikanatha kuyenda wapansi. Ndinamukoka Lonely dzanja, iye anakana, n'kunena kuti apita bambo a Jessica akabwera. M'minibasi yonse ankangonena za Monalisa, kuti ndi wansanje, kuti mwina anamuchotsa ntchito ya unamwino chifukwa cha mwano, kuti munthu woti sanakwatiwepo ndi wa ku Joni sangamvetse. Nditaona kuti botolo la mafuta walitaya kudzala, mtima wanga unakhala pansi. Sindinadziwe kuti walitaya chifukwa wapeza china choposa.

Sabata yotsatira anasiya Jessica kwathu, ati akukapikula zitenje ku Chiponde. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza yekha pambuyo pake, ali pabedi lachipatala. Wanjinga yamoto anamutsitsa kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi malire, kwa bambo wina wotchedwa Jailosi amene ankavala khoti loyera. M'chipindamo munali benchi, ndipo diripi ankaikoleka pamsomali. Botolo linali ndi zilembo za chilankhulo chimene ngakhale a Jailosi omwewo sankatha kuwerenga. Funso anamufunsa limodzi lokha: akufuna ayere kufika pati? Lonely anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chake chomwe.

Anabwerako akusekerera, zitenje ziwiri zili m'jumbo zophimbira m'maso.

"Kuli anthu odziwa ntchito kunjaku," anatero osandiuza chimene akutanthauza. "Sachedwetsa munthu ndi mafunso."

Anapitanso, n'kupitanso. Ine ndinkadabwa ndi geni ya zitenje yopanda zitenje, koma inali nthawi ya usipa wambiri, ndipo manja anga anali pathandala.

Chinayamba ndi maso. Ankadzuka zikope zitatupa, n'kumati wagonetsa. Kenako mapazi anakana masilipasi. Anayamba kusanza, chakudya chikumununkhira, mutu ukumuwawa osaleka. Tsiku limene Jessica anabwera kudzandiuza kuti amayi ake sakudzuka, ndinamupeza Lonely atagona pamphasa, nkhope itafufuma moti maso anali timizere chabe. Anandinong'oneza kuti kuyambira dzulo lake sanakodze. Ndinachita mantha amene sindinawachitepo chibadwire.

Kuchipatala cha ku Monkey Bay anatitumiza ku Boma. Dokotala wa kumeneko, mnyamata waulemu wochokera kumpoto, anayamba kufunsa: likodzo, mimba, mafuta, thovu mumkodzo. Anali mafunso omwe aja, mundondomeko yomwe ija. Ulendo uno Lonely anayankha onse, ndipo anawonjeza za msomali wa ku Chiponde. Dokotala anafunsa chimene chinali m'botolomo. Palibe ankadziwa. Anandiitanira panja n'kundiuza kuti impso zasiya kugwira ntchito, kuti ayesa zimene angathe pomwepo, ndipo akulankhula ndi a chipatala chachikulu ku Blantyre kuti malo akapezeka pa makina otsuka magazi, ambulasi imutenge.

Ndinamuimbira Bryson. Lonely atamva analira, osati chifukwa cha impso.

"Mwawaitaniranji? Andione chonchi?"

Bryson sanadikire Khrisimasi. Anafika masana, nthawi yoona odwala, ndipo ndinatsala pang'ono kumudutsa pakhonde. Ndinkayembekeza bwana wa jekete lachikopa. Amene anandigwira mkono anali munthu wowonda, wa fumbi la m'basi, dzino limodzi lakutsogolo litachoka, chikwama chachinsalu chili paphewa.

"Alamu, ali kuti?"

Lonely anamva mawu ake tisanafike pabedi. Anakoka chitenje, chimodzi mwa ziwiri za ku Chiponde zija, n'kudziphimba kumutu konse. Manja otupawo anagwira m'mphepete mwa nsalu ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti akadali nazo.

"Mayi a Jessica, ndabwera."

"Takulandirani. Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino. Tavundukulani, ndikuoneni."

"Ayi. Ndikaphwa."

Bryson anandiyang'ana. Ndinamufotokozera zonse pamaso pa mwini wake, za foni, za mafuta, za Monalisa, za diripi. Anamvetsera atawerama. Nditamaliza anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kutsamira mwendo wa bedi.

"Zithunzi zija ndinkadziwa kuti ndi foni," anatero. "Kuja aliyense amatero. Ndinkati mukusewera, ndiye nanenso ndinkakusekererani kuti musangalale. Ine ndikafuna kuona mkazi wanga ndinkayang'ana ichi."

Anatulutsa m'chikwama kachithunzi kochapitsa, kopindika m'makona. Anajambulitsa padoko asananyamuke, sitima ya Ilala ili kumbuyo kwawo. Lonely anali wakuda bii, akuseka mano onse pamtunda, mwana ali kumsana. Bryson anakalowetsa pansi pa chitenje.

"Nanga galimoto yoyera ija mwaisiya kuti?" mawu anatuluka pansi pa nsalu.

"Ndi ya abwana. Ine ndinkangoitsuka. Jekete lija ndi la mnyamata wa ku Namwera amene tinkagona naye chipinda chimodzi, tonse tinkajambulira lomwelo. Mukuganiza kuti zaka zonsezi ndinkalephera chiyani kubwera? Ndinkachita manyazi. Ndinkati mkazi wanga akuyembekeza munthu wa galimoto, ndikatsika basi ndi chikwama ichi adzandiseka. Ndiye dzino linachokanso."

"Dzino?"

"Lakutsogolo. Tavundukulani muone, ndikuoneka ngati agogo."

Chitenje chinayamba kugwedezeka. Ndinkaganiza kuti akulira, koma ankaseka, kuseka kwake kuja kwa padoko, ngakhale kunali kofooka ndipo kunathera m'chifuwa. Odwala a mabedi oyandikana anatembenuka. Bryson naye ankaseka, misozi ikutsika. Ine sindinathe kuseka. Ndinali wokwiya ndi onse awiri, ndi foni, ndi Joni, ndi msomali uja, komanso ndinkawamvera chisoni.

"Ndiye tonse ndife abodza," anatero Lonely.

"Tonse. Tsopano ndikuoneni."

Dzanja limodzi linasiya nsalu, linafufuza m'mphepete mwa bedi mpaka linapeza mutu wa Bryson, n'kutsikira kukamwa. Chala chinapeza mpata wa dzino lija. Koma dzanja linalo silinasiye chitenje.

"Ndipirireni, bambo a Jessica. Mwadikira zaka zonsezi. Akanditsuka magazi ku Blantyre ndiphwa, ndipo mudzandiona bwinobwino, wakuda ngati pachithunzichi. Sindikufuna nkhope yoyamba kuiona ikhale iyi."

Bryson sanamukakamize. Anakhala pomwepo mpaka belu lotulutsa anthu linalira, akumufotokozera za basi, za msewu wa ku Tete, za kadiresi kamene anamugulira Jessica mongoyerekeza msinkhu.

M'mawa mwake uthenga unabwera kuti malo apezeka. Mu ambulasi munali mpata wa womudikirira mmodzi yekha, ndipo Lonely anasankha ine. Bryson anati atitsatira pa minibasi. Pomukweza Lonely mu ambulasi, chitenje chinali chikadali kumaso, ndipo Bryson anagwira phazi lake lotupa n'kunena kuti tionana ku Blantyre.

Titadutsa pa Liwonde anavundukula yekha, ati akufuna mpweya. Kachithunzi kaja kanali pachifuwa pake. Anandifunsa ngati mafuta akasiyidwa khungu limabwereradi mwakale. Ndinati Monalisa anatero. Anati tikachoka ku Blantyre ndimuperekeze akamupepese. Sanalankhulenso. Namwino amene tinali naye anayesetsa, galimoto ikuthamanga, koma tisanafike ku Zomba anandigwira paphewa n'kuuza dalaivala kuti asathamangenso.

Maliro anachitikira kwathu, kuseri kwa mathandala. Achinyamata a kwaya anafuna chithunzi choika pabokosi, ndipo anafufuza m'foni ya Lonely. Atawaonetsa amayi athu chimene anasankha, amayi anachiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti ameneyu ndi mwana wa ndani. Tinaika kachithunzi kopindika kaja.

Mwambo wa mapemphero utatha, mkulu wa mpingo analengeza kuti yafika nthawi yoona nkhope, ndipo ayambe ndi achibale. Anatsegula bokosi kumutu. Bryson anaimirira, Jessica atavala kadiresi kaja kamene kanamufika m'mapazi, atamugwira dzanja. Anthu anamupatsa njira. Anafika, anawerama, n'kuyang'ana. Mzere kumbuyo kwake unaima, kwaya inamaliza nyimbo n'kuiyambanso, ndipo palibe amene anamuuza kuti asunthe.