Ntchafu Zinakana Kupsa

Kuntchito ankamutcha Kalikiliki, ndipo dzinalo linamukhala. Ankasita zovala pamalo ena ochapira, m'chipinda chakumbuyo momwe nthunzi inkakhala ili tolotolo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Masuti a maloya, madiresi aukwati, masiketi a timapindo ting'onoting'ono amene anzake ankawathawa, zonse zinkathera pathebulo pake. Ntchitoyo ankaikonda ndipo sankabisa. Anali atakhala pakhomo zaka zambiri akulera mwana, ndiye mwanayo atapita kusukulu yogonera konko, nyumba inayamba kumukulira. Simbi ndi imene inamubwezera pakati pa anthu.

Mwamuna wake, kalaliki pakampani ina yogulitsa mipando, anavomera zoti akagwire ntchito mochita kukoka mawu. Anaikapo ndi lamulo.

"Pitani, make mwana, sindikukanizani. Koma ine ndikamaweruka ndizipeza chakudya chakupsa. Tsiku limene zidzasinthe, ntchito yanuyo idzathere pomwepo."

Lamulo lake linali lophweka pakamwa. Onse ankaweruka nthawi imodzi, ndipo basi simadziwa kuti wina kunyumba akudikiridwa ndi mapoto. Amene anamupulumutsa anali mnzake wa pamakina ochapira, mayi wina woseketsa amene onse ankangomuti Nathovu. Ndiye anamulozera kokagula mphika wamagetsi wophika pang'onopang'ono, uja umausiya m'mawa n'kudzaupeza madzulo utamaliza wokha.

"Uziika ntchafu za nkhuku, mwali," anatero Nathovu. "Nyama ya pachifuwa imauma, koma ntchafu zimapirira ngati ife akazi. Lamulo ndi limodzi basi. Ukavundikira, wavundikira. Wosuzumira amadya zaziwisi."

Kalikiliki anazigwira msanga. Ankadzuka kusanayere, n'kusenda khungu pantchafuzo, kuzipaka mchere ndi adyo, kenako kuzikazinga pang'ono kuti zifiire kunja. Pansi pa mphika ankayala anyezi ndi karoti, pamwamba ntchafu, kenako matimati ndi timadzi tosakwana n'komwe kapu. Ankavundikira chivundikiro chake chagalasi, kulowetsa nthambo pasoketi imodzi yokhayo ya m'khitchini, n'kupotokola kabatani pamoto wochepa. Akatero ankatuluka limodzi ndi mwamuna wake, n'kukasiyana pasiteji, wina basi yokwera kumtunda, wina yotsika.

Madzulo fungo linkamuchingamira ali pageti. Nyama inkasiyana yokha ndi fupa, msuzi uli wolemera bwino. Iye ankangophika kampunga, n'kukhala pansi miyendo ili patebulo laling'ono. Mwamuna wake ankadya mpaka kunyambita zala, ngakhale kuyamika kunkamuvuta ngati kuzula dzino. Miyezi inapita choncho, ndipo Kalikiliki anayamba kudzimva kuti wagonjetsa dziko.

Chakudza sichiimba ng'oma. Madzulo ena anavundukula mphika n'kupeza msuzi uli madzi okhaokha, karoti ali gwa, ntchafu zikukana foloko. Atang'amba imodzi, pafupa panali pofiira. Anazithira msangamsanga m'poto wamba n'kuziwiritsa pamoto waukulu, koma chakudya chinafika patebulo mochedwa, ndipo chinali chozizira mkamwa ngati cha kuchipatala.

Mwamuna wake anatafuna kawiri n'kukankha mbale. "Ichi n'chiyani?"

"Mwina magetsi anazima masana, bambo."

"Mwina," anatero iye, akuyang'ana kumbali.

Magetsi sanazime. Mayi woyandikana nawo anati wailesi yake inalira tsiku lonse. Mawa lake zinachitikanso, ndi mkuja womwe. Kalikiliki anayesa zonse zimene munthu angayese. Anachepetsa madzi mpaka kusathira n'komwe, koma madzulo ankapezabe dziwe. Anakweza moto. Anasintha kogula nkhuku, n'kutsala pang'ono kuyambana ndi wogulitsa wake wakale, munthu wosalakwa. Loweruka lina anauberekera mphikawo kwa wokonza zamagetsi, amene anauyatsa, anaugwiragwira, n'kumuuza kuti ulibe vuto lililonse. Lamlungu anauyesa ali pakhomo, akuuyang'anira, ndipo ntchafu zinapsa bwinobwino ngati kale. Lolemba zinakananso.

"Ndiye kuti wina akumavundukula," anatero Nathovu, akutulutsa mabulangete m'makina.

"Ndani? M'nyumba simukhala munthu tsiku lonse. Makiyi tili nawo awiri tokha."

"Basi ndiye uli ndi mzukwa wokonda nkhuku."

Anaseka onse, koma Kalikiliki kuseka kwake kunali kwa mano okha. Kunyumba zinthu zinali zitaipa. Mwamuna wake anali atasanduka munthu wina, wokwiya ndi chitseko, wokwiya ndi supuni. Pa chakudya chilichonse cha madzulo ankatsegula mlandu womwewo.

"Ine ndimakhetsa thukuta tsiku lonse kuti ndidzadye izi? Chakudya chimafuna maso a munthu, make mwana. Inu mwasiyira banja lanu nthambo ya magetsi. Mukusita makola a amuna a eni, wanu akudya magazi."

"Ndikuyesetsa, bambo."

"Tinapangana chiyani? Kapena mwaiwala?"

Sanaiwale. Mawu amenewo ankamutsatira mpaka pathebulo lositira. Tsiku lina, maganizo ali kumphika, anasiya simbi pamkono wa bulauzi ya kasitomala mpaka inanunkha, chinthu chimene chinali chisanamuchitikirepo. Mwini malo, mayi wamawu ochepa amene antchito ankamuti Madamu, anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako mlamu wake, mlongo wa mwamunayo, anaimba foni yofunsa za moyo, imene inathera pa kunena kuti achimwene akuonda, ndipo banja ndi kupirira. Kalikiliki anadabwa, chifukwa kwa iye achimwenewo ankaoneka kuti akunenepa.

Anapirira mpaka anatopa. Usiku wina mwamuna wake anadzuka patebulo osadya n'komwe, n'kunena kuti ngati zili choncho aliyense aone njira yake. Kalikiliki anatsuka mbale akulira, osati chifukwa cha mantha okha, koma chifukwa cha ukali woti chinthu chokhacho chimene anadzipezera yekha chikumuthera chifukwa cha nyama ya nkhuku. Anayeza mbali zonse. Mwana akabwera patchuthi adzapeza nyumba yotani? Achibale adzati banja linatha chifukwa chiyani, chifukwa cha simbi? M'mawa anatereka ntchafu monga mwa masiku onse, mwina mwa chizolowezi chabe, anasiyana ndi mwamuna wake pasiteji, ndipo mumtima anali atagamula kale zosiya ntchito.

Nathovu anamugwira mkono pakhomo la ofesi. "Mwali, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ntchito masiku ano saitola pansi."

"Banja nalonso salitola pansi."

"Koma limatoleka kuposa ntchito, ndifunse ine."

Madamu sananyengerere. Anamvetsera, anagwedeza mutu, n'kunena kuti kudikira kuti mwezi uthe n'kosafunika, chifukwa mwana wa mchemwali wawo wakhala akupempha malo kuyambira kalekale. Kalikiliki atha kupita lero lomwe. Anavula epuloni yake n'kuipinda bwinobwino, anatenga kapu yake ya tiyi ndi masilipasi a pansi pa thebulo. Pasanathe nthawi anali m'basi yopanda anthu, dzuwa lili paliwombo, akuona misewu imene anali asanaione masana kwa nthawi yaitali. Ankadzilimbitsa mtima kuti madzulo akamuuza mwamuna wake, nkhope ija idzamasuka.

Atafika, anapeza chitseko chosakhoma. Anaganiza za akuba. Koma wakuba sapachika malaya ake pahang'ala. Malaya oyera amene anamusitira mwamuna wake m'mawa anali lende pachitseko cha kuchipinda, tayi ili pamwamba, nsapato zili bwinobwino pansi pake. M'khitchini ketulo inkalira.

Mwamuna wake anali ataima pamenepo, atavala vesiti ndi kabudula. Nthambo ya mphika inali gone pansi, pasoketi pali ya ketulo. Chivundikiro chagalasi chinali pambali, chitazizira kale. Dzanja lina linagwira buledi wonyowa ndi msuzi, lina jagi ya madzi a pampopi, amene ankathira mumphika kuti msuzi ubwerere pamlingo wake. Anatembenuka, madzi akuthirikabe.

Kalikiliki sanakuwe. Anaika chikwama pansi, n'kutsamira khoma. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo uyu anali atakhala pamphika weniweniwo.

"Mwabwera msanga," anatero mwamunayo.

"Inunso."

Ketulo inazima yokha. Iye anaika jagi pansi, buledi anasowa pomuika.

"Ntchito inatha, make mwana. Anatichotsa angapo. Ndimati ndipeze kaye ina, ndiye ndikuuzeni zonse pamodzi."

"Liti?"

"Papita kanthawi."

"Kuyambira pamene ntchafu zinayamba kukana kupsa."

Mwamunayo anayang'ana nthambo ili pansi ija ngati akuiona koyamba.

"Ndimabwezeratu," anatero. "Ndikamwa tiyi ndimabwezera. Kungoti nthawi zina tulo timandipeza pampando."

"Ndiye madzulo n'kumandifunsa kuti ichi n'chiyani."

"Munthu ukakhala wekha m'nyumba, fungo lili ponseponse, umatani? Ndimangolawa pang'ono."

Kalikiliki anamva mkwiyo ukukwera, wotentha kuposa nthunzi ya kuntchito. Anakumbukira mphika kumsana Loweruka lija, bulauzi yopserera, foni ya alamu. Koma mawu ake anatuluka ozizira.

"Ndasiya ntchito, bambo. Lero. Monga munanenera."

Buledi uja anagwa. Kwa nthawi yoyamba m'masabata onsewo, mwamunayo anamuyang'ana m'maso.

"Mwatani?"

"Munati aliyense aone njira yake. Ndasankha inu."

"Koma ine ndimangolankhula. Sindimati musiyedi." Anakhala pampando, manja kumutu. "Zimandiwawa, make mwana, kukuonani mukukwera basi yopita kwinakwake, ine ndikukwera yongozungulira. Ndimangofuna nanunso chikuwaweni pang'ono. Inu mumamva chilichonse ngati lamulo?"

"Munalitcha lamulo ndinu."

"Imbani foni. Pepesani. Nenani kuti mutu unakuzungulirani."

Zinamuwawa kuti ngakhale apa anamvera. Anatuluka panja n'kuimba. Madamu anayankha pakati pa phokoso la makina, ndipo sanakwiye n'komwe, zimene zinali zopweteka kuposa kukwiya. Anati madzi akatayika saoleka. Mwana wa mchemwali wawo uja anali atafika kale, ndipo panthawi yomweyo ankaphunzitsidwa kusita kolala. Malo akadzapezeka adzamuuza, koma asadikire. Kalikiliki anathokoza mwaulemu, ndipo anadzida chifukwa cha ulemuwo.

Atabwerera m'khitchini anapeza mwamuna wake atabwezera nthambo ya mphika pasoketi, atavundikira, atapukutanso madzi pansi. Anali atakhala mowongoka, nkhope ya munthu amene waganiza ndipo wapeza nzeru. Sanafunse kuti foni yayenda bwanji, chifukwa zinali kuoneka.

"Chabwino, zachitika," anatero. "Chachikulu tsopano n'choti anthu asadziwe. Achemwali anga asamve, mwana asamve, makamaka mayi wa pafupiyu, mukudziwa pakamwa pake. Mawa tidzuke ngati masiku onse. Tivale bwino, titulukire limodzi."

"Kupita kuti?"

"Ndikusonyezani. Mukatsika pasiteji yachiwiri, kuseri kwa sitolo ya matayala kuli kabenchi. Sipadutsa munthu wotidziwa. Mumakhala pamenepo mpaka ana onse alowe m'kalasi, msewu uzizire, ndiye mumabwerera chakumbuyo, njira ya kumakaniko."

Ankafotokoza mosamala, mwinanso monyadira pang'ono, ngati kalaliki wakale akulandira wantchito watsopano. Kalikiliki anamuyang'ana nthawi yaitali, bambo wa mwana wake, msuzi utauma pachibwano. Anafufuza mumtima mwake chifundo, ndipo sanachipeze. Anapeza kutopa basi.

"Benchi yanuyo," anafunsa, "imakwana anthu awiri?"

Mwamunayo anaganiza kaye, moona mtima.

"Tikapanikizana," anatero.