Sokosi za Jimmy ku Cape Town

Mchimwene wanga Jimmy atapita ku Cape Town kukaphunzira Chingerezi, ife kuno ku Kande tinkaganiza kuti azikangokhala pa desiki n'kumalemba. Abwana ake a pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, kumene amanyamula zikwama za alendo, anamutumiza kwa miyezi itatu kuti akabwerako azikhala pa tebulo lolandirira alendo. Koma zithunzi zimene ankanditumizira pa foni zinali za kukwera phiri ndi kuwotcha nyama. Tsiku limene sukulu inawatengera ku nyanja yamchere, iye ananyamula sopo ndi malaya awiri oti akachape, monga timachitira kuno. Sopo sanachite thovu, madzi anali ozizira ngati a mufiriji, ndipo anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba.

M'kalasi mwawo munali anthu khumi ndi awiri, ochokera ku Brazil, Turkey, Congo ndi Korea. Lamulo lalikulu linali limodzi: wopezeka akulankhula chinenero cha kwawo pasukulupo atsuke makapu a khofi a kalasi yonse. Jimmy anali atatsukapo kale kawiri, konseko chifukwa cha mafoni anga.

Lolemba lina anandiimbira ndi mawu ozizira. Lachisanu la sabata yotsatira kunali tsiku la zikhalidwe, pamene wophunzira aliyense amaonetsa za kwawo n'kuzifotokoza m'Chingerezi kwa mphindi zisanu. Aphunzitsi atamufunsa, pakamwa panamutsogolera, anangoti malipenga. Aphunzitsiwo anali atalemba kale pa bolodi.

"Iweyo? Malipenga?" Ndinaseka mpaka kukhala pansi. "Jimmy, wadziputira wekha."

Ndinali ndi chifukwa chosekera, ngakhale nkhani yake si yoseketsa kwenikweni. Bambo athu a Fletcher, amene timawaitana kuti Ada, ndi dokotala wa gulu la malipenga la m'mudzi mwathu. Si dokotala wa jakisoni ayi. Ovina asanalowe m'bwalo, iwo amayenda pamzere kuyang'ana malaya oyera, kabudula wosita, sokosi zofika m'mawondo ndi zikhadabo. Wauve amatulutsidwa. Jimmy ali ndi zaka khumi ndi zitatu, tsiku lake loyamba kuvina, pa mpikisano wa ku Bandawe, anadya bango panjira n'kudonthezera pa sokosi. Ada anamutulutsa pamzere anthu onse akuona. Kuyambira pamenepo sanagwirenso lipenga, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi iye ndi Ada ankangokambirana za mvula ndi maukonde.

"Winnie, undifunsireko kwa Ada mmene mapazi amayendera," anapempha.

"Ayi, ufunse wekha," ndinatero, n'kuwapatsa Ada foni.

Anali akutembenuza chinangwa chimene chinkauma pa thandala. Anapukuta manja, namvetsera osadula mawu. Kenako anati, "Malipenga savina munthu mmodzi. Upeze anzako asanu ndi awiri. Ndipo palibe wolowa m'bwalo ine ndisanamuyendere." Anandibwezera foni ngati palibe chachitika, koma madzulo ake ndinawamva akuimba mluzu kuseri kwa nyumba.

Sabata imeneyo sindinapume. Tsiku lililonse folo koloko, a ku Cape Town akaweruka, ine ndi Ada tinkakwera pachulu cha pafupi ndi msewu, poti ndi pokhapo pamene netiweki imagwira. Ada ankavala tayi kuti akaonekere pa foni. Ku Cape Town kulibe zikho zopangira malipenga, choncho Jimmy ndi anzake anadula mapaipi n'kumata kapepala ka pulasitiki kumapeto. Ng'oma inali ndowa ya m'khitchini ya sukulu, woimba wake mnyamata wa ku Congo. Ada ankalamula, Jimmy n'kumamasulira, thukuta lili kamukamu.

Wa ku Brazil ndiye anavuta. Ng'oma ikangolira, chiuno chinkayamba chokha.

"Muuze uyo kuti kuno si ku bala," anakalipa Ada. "Slowly! Munthu uvine monyada, ngati msewu wonse ndi wako."

Mtsikana wa ku Korea anadandaula kuti bwanji akazi akuwasiya. Ada anaganiza pang'ono, namusankha kukhala nesi wa gulu, woyenda ndi dokotala poyendera mzere. Ntchito yake inali kugwira foni. Jimmy anandiuza kuti Chingerezi chimene anaphunzira sabata imeneyo pokalipira anzake chinaposa cha m'mabuku onse. Koma nthawi yonseyi Ada sanamuyamikire ngakhale kamodzi, ndipo ine ndinkadziwa chimene mchimwene wanga ankaopa. Si mphindi zisanu za Chingerezi zija ayi.

Lachisanu linafika. Ada anavala yunifolomu yawo yonse, yoyera mbee, ndipo anthu a m'mudzi anatitsatira mpaka pachulu, ena atanyamula mipando. Pa foni tinaona bwalo la sukulu litadzaza, anyamata asanu ndi atatu ataima pamzere, onse m'zoyera.

"Attention!" anafuula Ada, mpaka mbuzi imene inkadya pambali inathawa.

Nesi anayamba kuyenda ndi foni, kuonetsa munthu aliyense kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Wa ku Turkey anauzidwa kukonza tayi. Wa ku Brazil anaonetsa zikhadabo zonse khumi akumwetulira. Jimmy anali womaliza. Foni inatsika pang'onopang'ono, kolala ili bwino, lamba ali bwino, kabudula wosita ngati mpeni. Itafika pa sokosi ya kumanzere, ndinayang'anitsitsa. Panali dontho lofiirira, lalikulu ngati mtedza. Pambuyo pake ndinamva kuti m'mawa umenewo anamugwira akudziyankhulira m'Chitonga chifukwa cha mantha, ndiye anatsuka makapu a khofi atavala kale yunifolomu.

Nesi, posadziwa kanthu, anaimitsa foni pomwepo. Jimmy anayang'ana pansi, naliona dontholo, ndipo foni itakweranso nkhope yake inali ya mwana wa zaka khumi ndi zitatu uja. Ndinamumvera chisoni kwambiri. Ada ndi munthu amene amalowetsa ulusi pa singano popanda magalasi, ndiye panalibe zoti mwina sanaone.

Ada anapisa m'thumba, natulutsa kampango kawo koyera, n'kuyamba kupukuta galasi la foni mosafulumira.

"Winnie," anatero mokweza kuti onse amve, "foni yakoyi ndi yauve. Uziisamala."

Kenako anaiyandikiza kukamwa. "Number eight, clean! Lowani m'bwalo."

Ndowa inalira, mapaipi analira ngati njuchi zokwiya, ndipo mzere unayenda. Kunena zoona, a ku Bandawe akanawaseka. Wa ku Brazil anaiwala malangizo onse pa nyimbo yachiwiri. Koma Jimmy anavina monyada, mutu uli m'mwamba, phazi likutera pa nthawi yake ngati sanasiyepo, ndipo amayi a pachulu analulutira mpaka a ku Cape Town anamva. Atamaliza anaima kutsogolo kuti afotokoze. Anayamba ndi mawu oti bambo ake ndi dokotala, ndipo analankhula mphindi zisanu ndi zitatu, aphunzitsi osamudula. Ine ndinalira, sindibisa.

Pobwerera kunyumba Ada anali patsogolo, akuponda mosamala kuti nsapato zisade. Titafika pa thandala la chinangwa anaima osatembenuka.

"Pa mpikisano wa chaka chino adzakhala atabwerako," anatero. "Umuuze mchimwene wako agule sokosi zina konko. Za khofi zija sizingalowe m'bwalo la ku Bandawe."