Sopo Anasefukira pa Lita Imodzi

Mtsikana wina atafika kufakitale ya sopo, anapeza antchito avula nsapato, akukankhira thovu pakhomo ndi matsache. Sopo wamadzi anali ponseponse. Mwini fakitale anaima pa kireti, maso ali psu, ndipo pambali pake panali achimwene ake a mtsikanayo, amene ankapanga naye limodzi mapulogalamu a makina.

Mtsikanayo anangotsegula laputopu, n'kuona vuto nthawi yomweyo. Pampu inkathira 0.1 ya lita m'botolo, pulogalamu n'kumawonkhetsa mpaka ikwane lita imodzi. Koma kompyuta siisunga 0.1 ndendende. Ikawonkhetsa kakhumi imapeza 0.9999999999999999, kenako imalumphira kupitirira 1. N'chifukwa chake iye analemba kuti pampu iziima nambala ikangoyandikira 1. Achimwene ndiwo anamuseka dzulo lake kuti zimenezo n'zaulesi, lita ndi lita basi, ndipo anasintha mzere umenewo wa pulogalamu kuti iziima pokhapokha nambala ikafanana ndi 1. Pampu yosaukayo inadikira 1 amene sanabwere, ikuthirabe.

Asanatsegule pakamwa, anamva achimwene akuyankhula mofatsa ngati m'busa.

"Bwana, mutikhululukire. Gawo limeneli analemba ndi mlongo wangayu. Akuphunzira kumene, ine ndimangomuthandiza kuti asamangokhala pakhomo."

Akuphunzira kumene! Munthu amene anawaphunzitsa iwowo ntchitoyi kuyambira pa chiyambi! Mtima unamupweteka kwambiri. Anawayang'ana, iwo n'kumayang'ana thovu. Kuwachititsa manyazi akulu ake pamaso pa anthu kunamukanika, ndiye anangokonza mzerewo mwakachetechete, pampu n'kuyamba kuima bwinobwino. Mwini fakitale anati ntchito ipitirire, koma mtsikanayo asadzapondenso pamenepo.

M'galimoto achimwene anayamba nthabwala, ati sopo watsuka pansi mwaulere. Ataona kuti mnzawo sakuseka, anati akanavomera okha, ntchito yonse ikanatha ndipo onse awiri akanagona ndi njala.

"Usakwiye, iwe. Chibale ndi fupa, sichiwola."

Iye anawapempha kuti aime pa siteji ya minibasi. Anatsika, laputopu yake kukhwapa, n'kuweramira pawindo.

"Achimwene, mzere womwewo munausinthanso ku fakitale ya mafuta ophikira. Akuyatsa makina mawa m'mawa. Kumeneko mukapite nokha, ine ndikuphunzira kumene."