Chipale cha Padenga la Galaja

Mwana wa achemwali anga, Juliet, anatola mnyamata wa ku Chipata dzina lake Boyd. Mnyamata waulemu mpaka kutopetsa. Ukati kunja kukutentha, iye inde amalume. Ukati ayi kukuzizira, inde amalume. Ukamupatsa tiyi wopanda shuga amamwa n'kuyamikira.

Vuto lake linali limodzi. Chaka chilichonse amakwera ndege kupita kumapiri a kumadzulo kukatsetsereka pa timatabwa tija amati sikii. Osati pamalo okonzedwa pomwe pali alonda ayi, koma kuthengo, kumene chipale chofewa chija cha chisanu chimagumuka n'kukwirira anthu. Chaka chino amafuna kutenga Juliet.

Achemwali anga a Mathilda anandiitana kwawo ku Oshawa, tauni ya kuno kudziko lachisanu kumene tikukhala, pakuti malume ndine.

"Achimwene, phiri sindiliopa," anatero. "Ndikuopa inde wakeyu. Anzake akadzati tiyeni, iye adzati inde, mwana wanga ali pambuyo."

Boyd anayesa kufotokoza. Anati asanatsetsereke amakumba dzenje n'kuona mmene chipale chagonerana: chapamwamba cholimba ngati chikhokho, chapansi chonga shuga. Zikatero, akuti, amabwerera.

"Ukwere phiri tsiku lonse, ukumbe dzenje, ubwerere?" ndinatero. "Kwathu amene amachita zimenezo ndi adzukulu, ndipo amawapatsa nkhuku."

"Inde amalume."

Achemwali anandiyang'ana, kuti mwamva nokha.

Sabata imeneyo kunagwa mvula n'kuundana gwa ndi kuzizira, kenako chipale chatsopano chinaunjikana pamwamba. Denga la galaja la achemwali ndi lamalata, lotsetsereka, ndipo mulu wa chipale unali utalendewera m'mphepete ngati mlomo wa mwana wonyanyala. Pansi pake penipeni panali mbaula yowotchera nyama.

Ndinavala nkhope yaumalume. "Boyd, kanditengere mbaula ija."

Anasuzumira pazenera, anayang'ana denga, anayang'ana ine.

"Amalume, mwina mawa."

"Mawa ndili kuntchito. Nyama ndagula kale."

"Tingawotchere mu uvuni, amalume."

"Iwe, ukufuna mwana wathu koma mbaula ikukukanika? A kwanu ndikawauza chiyani?"

Mnyamata anatuluka thukuta m'nyengo yozizira. Anagwira manja kumbuyo, anawerama pang'ono, mawu n'kutuluka ang'onoang'ono.

"Awe, amalume. Siniyenda."

"Basi ndipita ndekha."

Ndinayamba kuvala nsapato, pang'onopang'ono ndithu, poti nanenso denga lija ndinaliona. Boyd anakaima pakhomo n'kutambasula manja.

"Na imwe simuyenda."

Juliet anabisa nkhope m'chipewa. "Mum, he's blocking Uncle Howard," anatero, mapewa akugwedera ndi kuseka.

"Ndaona," anayankha mayi ake.

Tinakhala pansi kudikira kuti chipale cha padenga chigumuke, mnyamata aoneke mneneri. Sichinagumuke. Tinadya nyama ya mu uvuni, youma ngati lamba, chipale chili phee pamalo pake. Boyd anapepesa kwa ine mpaka ndinamuuza kuti akapepesanso ndimulipitsa mbuzi.

"Ndiye wakana malume ako pachabe," anatero achemwali. "Taona, sichinagwe."

"Nthawi zambiri sichigwa, amayi," anatero Boyd. "Koma nikaona chili so, siniyenda."

Achemwali anatafuna nyama ija nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa Juliet.

"Jekete lako lija ndi lopyapyala. Ukatenge langa lofiira, akamakufuna azikuona msanga."