Mbuzi za Lonjezo pa Lole ya a Gilbert

Aliyense pa Neno Boma amadziwa kuti pa lole ya a Gilbert sipakwera chiweto. Bambo ameneyu anayamba ndi kugulitsa manachesi pa njinga, lero ali ndi sitolo ya malata ndi lole yoyera mbee imene yaponda Beira, Dar es Salaam ndi Joni. Ngakhale nkhuku amaikana. "Galimoto yanga si khola," amatero.

Chaka chatha mpingo wawo unakonza kampu ya sabata imodzi, pa holide yaikulu, ya ana amasiye ndi ena ovutika. A Gilbert anapereka lole ndi mafuta omwe. Pa msonkhano wounika mmene kampuyo inayendera analankhula mpaka thovu kukamwa: ana anadya nyama, anaimba, anamenya mpira, palibe anadwala.

Kenako anaimirira mayi Yunike, amene amayang'anira za ana mumpingomo, mayi wamfupi wolankhula motsitsa.

"Zikomo achimwene. Za amene anabwera tamva. Nanga Lonjezo wa ku Dambe? Tinamuitana, koma lole inabwerako popanda iye. Kodi alipo anakamufunsa chifukwa chake?"

Panalibe. A Gilbert anadziguguda pachifuwa. "Chaka chamawa mwana ameneyo ndikamutenga ndekha, ngakhale kuchita kumubereka!"

Ogasiti atakwana, lole inakwera mapiri a ku Dambe ikubangula, mayi Yunike ali kutsogolo. Ana anakwera akukuwa. Koma Lonjezo, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, anaima chapatali, chingwe chili m'manja, mbuzi zinayi zili pambuyo pake.

"Iwe mwana, kwera!" anafuula a Gilbert. "Ukudziwa kumene lole imeneyi yafika?"

"Pitani bwino, bambo. Ine sindingathe."

Mayi Yunike anatsika, nakakhala pamwala pafupi naye. Pang'onopang'ono nkhani inatuluka. Mbuzizo anamusiyira ndi malemu mayi ake. Azakhali amene amakhala nawo amalawirira kumsika tsiku lililonse. Nyengo imeneyi madimba a mbatatesi amakhala obiriwira, ndipo mbuzi ikangolowa m'dimba la eni, amaigwira osabweza. Ina inapita choncho iye atagona ndi malungo.

"Ndikachoka sabata yathunthu, ndidzapeza chingwe chokha," anatero Lonjezo.

Mayi Yunike anayang'ana mbuzi, nayang'ana lole, kenako a Gilbert.

"Ayi, ayi, ayi, mlongo wanga! Ndapentetsa mwezi wathawu! Penti wake wa ku Durban!"

"Paja munati mudzamubereka, eti? Wobereka mwana amabereka ndi katundu wake yemwe."

"Chabwino, nanga ku Bomako aziweta ndani? Anzake azisewera, iye ali kutchire ndi mbuzi?"

"Mwafunsa bwino, achimwene. Inuyo sabata ino mukhala mukutani, poti lole ikhala itaima?"

A Gilbert anapita pamene panali mbuzi paja. Anavula jekete, napatsira mayi Yunike, nanyamula tonde wa pakati pa mbuzizo ndi manja awo, tondeyo akulira mee, fungo lake losasimbika.

Sabata imeneyo anthu a pa Boma anaona zimene sanaonepo. Munthu amene anadyapo m'mahotela a ku Dar anali kuseri kwa tchalitchi, nsapato zosongoka kuphazi, kamtengo m'manja, akuzifotokozera mbuzi kukula kwa sitima za pa doko la Beira.

"Bwana, bizinesi yagwa kodi?" anawaseka a Jimu ogulitsa matemba.

"Izi ndi mbuzi za mlendo wanga, iwe! Kwanu kunabwerapo mlendo wokhala ndi ziweto?"

Tsiku loyamba Lonjezo ankangozemba kudzasuzumira. A Gilbert anamubweza. "Ine ndinadutsitsa lole pa Tete madzi atasefukira. Zingandikanike mbuzi zinayi? Thamanga!" Tsiku lachitatu sanabwerenso.

Potseka kampu, mayi Yunike anakhazika ana pansi pa mtengo wa mango kuti aliyense anene chimene chamusangalatsa ndi chimene chikonzedwe. Ena anati nyama, ena mpira, wina anadandaula kuti mabulangete anali aafupi. Itafika nthawi ya Lonjezo, anaganiza kaye.

"Ine ndasewera fulaye osacheuka," anatero.



Madzulo ake a Gilbert anatsitsa mbuzi zonse zinayi ku Dambe, mimba zili tantha, napereka chingwe kwa mwini wake. Pobwerera, mawindo onse ali otsegula chifukwa cha fungo, anatembenukira kwa mayi Yunike.

"Mawa ndikaonana ndi wowotcherera, andiikire zitsulo kumbuyoku. Koma mundifufuzire msanga, mlongo wanga. Ku Matope kuli ana angati amene akutsalira chifukwa cha mbuzi?"