Njuchi za mu Julayi

Njuchi za Reuben Garbutt zinasamuka Lachiwiri masana, patatha milungu itatu mwini wake ataikidwa m'manda. Mkazi wake, Winifred, ankachapa pakhomo pamene anamva mkokomo kuseri kwa nyumba. Pofika pamng'oma, theka la njuchi linali litatuluka kale. Anakazipeza zitalendewera ngati ndevu panthambi ya mtengo wa maapozi wa aHorace Tunnicliffe, mkulu wa nyumba yoyandikana nayo.

AHorace anali atatsamira mpanda, kaliwo ali kukamwa.

"Zisiyeni, Mayi Garbutt. Akale anati zosamuka mu Meyi mtengo wake ndi ngolo ya udzu, za mu Juni ndi supuni ya siliva, koma za mu Julayi bola ntchentche. Chisanu chidzazipeza zilibe uchi."

"Miyambi ndiye mumagawa, aHorace, koma makwerero ozitsitsira simubwereketsa."

"Makwerero alipo. Yatha ndi miyendo yokwerera, yanu ndi yanga yomwe." Anachotsa kaliwo uja n'kumuyang'anitsitsa. "Kodi munaziuza?"

M'mudzimo aliyense ankadziwa mwambo wake: mwini njuchi akamwalira, wamasiye amamanga kansalu kakuda pamng'oma, amagogoda katatu ndi kiyi wa nyumba, n'kuziuza zamalirozo. Zikapanda kuuzidwa zimanyanyala, zimachoka. Winifred opepesa anawalandira, tiyi anawathirira, malaya a mwamuna wake anapinda. Koma mawu oti Reuben wamwalira anali asanatuluke pakamwa pake. Anawanena ndi abusa, iye n'kungogwedeza mutu. M'mawa uliwonse akamva njuchi zili pantchito, mtima unkakhalako pansi poganiza kuti kuseri kuja kudakali ena osadziwa, amene akudikirabe kuti Reuben atulukira ndi chipewa chake chaukonde.

"Zaka makumi anayi muli pabanja ndi mlimi wa njuchi," anatero aHorace motsitsa mawu. "Fulumirani, mwina zingakumvereni. Panthambi sizikhalitsa."

Kufulumira kunakanika, bondo silinalole. Kiyi anali pamsomali, koma nsalu yakuda ndiyo inamuchedwetsa. Imene inalipo ndi riboni ya pachipewa chimene anavala kumaliro, ndipo anaisomola pang'onopang'ono ndi sizasi kuti chipewacho chisang'ambike.

Atatuluka anapeza nthambi ili yokha, ikugwedera. AHorace analoza ndi kaliwo cha kunkhalango, kuseri kwa tchalitchi.

Winifred anabwerera m'dimba mwake nagwada pamng'oma. Zotsala zinkalowa ndi kutuluka, zapatalipatali, ngati anthu msika ukatha. Anamanga riboni ija, nagogoda katatu.

"Ndine Winifred," anatero. "Mbuye wanu Reuben anamwalira. Ndachedwa kukuuzani, mundikhululukire. Pakhomo pano tatsala ndife. Inu musapite."

Anaika khutu pathabwa lofunda ndi dzuwa, nakhala akumvetsera.